Ba Chabwera ndi Chibokosi Cholira Chokha

Ku Kanyama kuno aliyense ali ndi chake chimene amadziwika nacho, wina ndewu, wina mapemphero, koma ba Chabwera Mbewe ankadziwika ndi phokoso. Mkuluyu anatha zaka khumi ndi chimodzi akusakasaka kulira kumodzi kokha kwa gitala. Osati nyimbo yonse ayi, kachiyambi chabe, paja gitala imayamba yokha ng'oma zisanalowe, kanthawi kosakwana n'komangira chitenje komwe. Iwo ankasaka, ife oyandikana nawo tikuonda ndi mantha.

Ine ndine Thandi, telala, ndipo chipinda changa ndi chawo zinkasiyana ndi khoma limodzi la mabuloko losafika n'kudenga komwe. Ndineneretu kuti ndine wamantha wachibadwire. Buluzi akagwera pa makina anga osokera ndimakuwa mpaka agalu a mzere wachitatu kuyankha. Ndiye mwa anthu onse a mu Lusaka, Mulungu anaona kuti woyenera kukhala kuseri kwa khoma limenelo ndi ine.

Nkhani ya nyimboyo inali yotere. Ba Chabwera anabadwira ku Matero, mu Lusaka mommuno, makolo awo atachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji. Iwo anali makaniko wa mabasi mpaka msana unakana. Koma anali ndi mkulu wawo, Benedict, amene m'zaka za m'ma 1970, nthawi ija anyamata a m'tauni muno ankasunga tsitsi ngati chisa ndi kuvala mathalauza osesa msewu, ankaliza gitala m'gulu lina la roko. Gululo linatulutsa chimbale chimodzi chokha, ndipo nyimbo imodzi ya mmenemo inavinidwa m'maholo onse. Benedict anamwalira adakali mnyamata. Chimbale chimene ba Chabwera ankasunga chinapita ndi madzi chaka china Kanyama itasefukira. Anafunsa kwa ogulitsa makaseti akale, anthu anawasakira pa foni, osaipeza. Nyimbo inatsala m'mutu mwawo.

Ndiye mwana wawo Magdalene, namwino ku Joni, pofuna kusangalatsa bambo ake, anawatumizira chibokosi chakuda chophwatalala, chokhala ndi zopondapo zisanu ndi kagalasi kowala. Gitala umalumikiza mbali ino, sipika mbali inayo. Tsiku limene chinafika anandiitana.

"Ba Thandi, bwelani muone chamene anitumila mwana."

"Ni chani, ni sitovu?"

"Ni purosesa. Mukati umu muli ma-ampu thu handiredi, yaja mamashini yokuza mau ya gitala, ya ku Amelika, ya ku Ingalande, yonse. Nikaponda apa gitala izalila monga ya kudala. Nizaipeza ya Benedict, muzaona."

"Thu handiredi mu kabokosi aka? Yanangena bwanji?"

"Si yeniyeni, amai. Chimakopela chabe mau ya vinthu vamene vinasila kudala."

Iwo ananena akuseka, mano awo anayi onse ali pamtunda. Ine ndinatuluka chafutambuyo.

Anachiyesa koyamba Lachiwiri masana, magetsi atangobwera. Anaponda pena pake pamene pamachititsa gitala kumveka ngati ndege ikutsika. Phokosolo linayambira kutali, likukula, likubwera, malata onse a mzere wathu n'kuyamba kunjenjemera. Pa kiosiki ya madzi panali mzere wa anthu oposa makumi atatu, onsewo anati phazi thandize, zigubu kuzisiya pompo, mpope ukungotaya madzi. Kondakitala wina anapezeka pansi pa minibasi akuitana amake m'Chibemba. Ine ndinalowa pansi pa tebulo n'kudzifunditsa diresi la mkwatibwi wa eni ake, poganiza kuti ngati n'kufa, bola andipeze ndili m'zoyera.

Kutati zii, ndinamva mawu pamwamba pa khoma.

"Ba Thandi, mwaimva bwanji iyo?"

"Ndeke yagwela kuti?"

"Awe, ni ine. Koma si yamene nifuna."

Mwezi wotsatira anatulukira chopondapo chachikulu, chonga cha makina anga osokera, chimene ukamachiponda ndi kuchibweza gitala imati uwaa, uwaa. Tsiku limenelo amayi a m'dera lathu anasiya mapoto pamoto. Anatsogolera ndi ba Mwiche, gogo wogulitsa makala pakona, munthu wa mawu ngati mwamuna. Anasuzumira m'ngalande, anaunika m'zimbudzi ndi matochi a foni, anafukula zinyalala, ena akulira kale, ena akutemberera mtsikana wopanda mtima amene wataya khanda. Patatha ola lathunthu kulirako kunawafikitsa pakhomo pa ba Chabwera. Anawapeza atatsinzina, phazi likukwera ndi kutsika.

"Imwe ba mudala!" anakuwa ba Mwiche. "Tavundula matoileti yonse chifukwa cha imwe! Mulibe nsoni?"

"Pepani, ba mayo. Koma kambani zoona, inamveka monga mwana wanjala kapena wodwala? Ya Benedict inali monga wanjala."

Umo ndi mmene analili. Ukawakalipira, iwo amaona ngati wabwera kudzawathandiza. Anali ndi kope lalikulu mmene ankalemba chilichonse chimene ayesa, ampu yakuti ndi sipika yakuti, kukhakhala kwa mawu pa sikisi, kubwereza pa thuu, pansi pake n'kuikapo chigamulo. "Nambala 63: ikumveka ngati njuchi m'chitini." "Nambala 140: yayandikira, koma ikulira ngati yakhuta." Nthawi zina ankatha sabata yonse akupotokola kabatani kamodzi, n'kudzakabwezera pomwe kanali. Zala zawo zinkadziwa nyimboyo bwinobwino, vuto linali mawu ake.

"Ba Thandi, yafika?" ankafunsa pakhoma.

"Ine nizaziba bwanji? Ninalibe kubadwa."

"Siinafike. Yayela kwambili. Ya Benedict inali na mchenga pa mukosi."

Mchenga umenewo anausaka m'ma-ampu onse mazana awiri, osaupeza. Ife tinafika poti magetsi akabwera ena amathamangira kusita ndi kutchaja mafoni, ine ndimathamangira kuchotsa mapini pakamwa kuti ndingameze. Komabe zonsezi zinali zoseketsa. Anthu ankadandaula, n'kuseka, n'kuiwala, pakuti mkulu yemweyo ndi amene ankakonza mawilibala ndi mambaula a dera lonse osafuna kanthu.

Chimene chinaononga zinthu ndi chopondapo chakumapeto, pamodzi ndi pakamwa pangapa. Chopondapo chimenecho chimagwira zimene walizazo n'kumazibwereza chokha, kuti iwe ukhale pambali uzimvetsera pamene palakwika. Panopa ndikudziwa. Nthawi imeneyo sindinkadziwa, ndipo iwo anali asanachigwiritsepo ntchito zaka zonsezo.

Ndinapita m'mawa wina kukawapatsa thalauza limene ndinawapindira. Ndinawapeza panja, ali pa kampando, akuchapa masokosi m'beseni, manja onse awiri ali m'thovu. M'nyumba gitala ikulira. Ndinayang'ana manja awo, ndinayang'ana chitseko. Ndinasuzumira. Gitala ili gone pabedi, m'chipinda mulibe munthu, koma nyimbo ikupitirira, kagetsi kofiira ka pachibokosi kakuphethira ngati diso.

Thalauza ndinaliponya kumene linagwera. Anandiitana, "Ba Thandi, imililani nikulongosoleleni!" koma ine ndinali nditafika kale pa kiosiki.

"Gitala ya ba Chabwera ilila yeka, beve bali panja bachapa masokosi," ndinauza mzere wonse. Ndikanalekera pomwepo. Koma ndinawonjezera kuti mwini wake anandiuza yekha kuti m'bokosimo muli mawu mazana awiri a zinthu zimene zinatha kalekale. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ine ndinadzionera ndi maso angawa, koma za m'maluwa ndinanenabe. Pofika masana, ma-ampu mazana awiri aja anali atasanduka anthu akufa mazana awiri. Pofika Lamlungu, mkazi wawo amene anamwalira kalekale ndi matenda a shuga anali m'bokosimo, ndipo ndi amene ankaliza gitala. Amayi anayamba kukokera ana m'nyumba mkuluyo akamadutsa. Mawilibala anasiya kubwera.

Madzulo a tsiku lomwe ndinathawa lija ba Chabwera anandifotokozera pakhoma za chopondapocho, ndipo ndinamvetsa. Koma kubwerera pa kiosiki kukanena kuti ndinanama, miyendo inakana. Ndinati zitha zokha.

Sizinathe. Lachinayi lotsatira ba Mukupa, wootcha nyama ya mbuzi pamsewu, anagwa masanasana, kukamwa kutapotoka, mkono wamanja utafa, pa nthawi yomwe gitala inkalira. Mkazi wawo Emelda anathamangira kwa mneneri Isaiah, amene tchalitchi chake ndi tenti yabuluu kuseri kwa msika. Mneneriyo anatsinzina n'kunena kuti akuona chinthu chakuda chokhala ndi diso lofiira. Sindikudziwa kuti anachiona mumzimu kapena anachimva pa kiosiki monga wina aliyense.

Loweruka masana ndinamva phokoso limene silinali la gitala. Nditatsegula chitseko ndinapeza njira yonse yadzaza. Mneneri ali kutsogolo ndi suti yoyera ndi botolo la mafuta, kumbuyo kwake anthu amene ndimawasokera zovala, amene ndimapemphera nawo, nkhope zawo zitasintha moti ena sindinawazindikire. Miyala m'manja. Mnyamata wina akugubuduza tayala, mnzake atanyamula chigubu cha petulo. Ndinamvapo za zinthu zotere zikuchitika kwina, ndipo ndinkadziwa kuti tayala sabwera nalo kudzaseweretsa ana.

"Mfwiti! Achoke panja! Abwelese chibokosi!"

Ba Chabwera anatuluka gitala ili pakhosi, chingwe chake chikukwawa kulowa m'nyumba. Anayesa kumwetulira. Anali atavala thalauza lomwe ndinapinda ine.

"Bantu ba Mulungu, ni mashini chabe. Lekani nikulangizeni mwamene isebenzela. Ba profeti, bwelani muponde apa mweka."

Mneneri anabwerera m'mbuyo mapazi atatu. Anawaza mafuta ali komweko, ambiri anagwera pa nkhuku ya eni ake. Palibe anaseka. Gulu linkayandikira pang'onopang'ono, aliyense akudikira kuti ayambe ndi wina, ndipo apo ndi pamene Emelda anandiona. Maso ake anali ofiira ndi kulira. Anandigwira mkono, n'kundiika mwala m'dzanja.

"Ba Thandi, ndimwe munaona na menso yanu. Yambani ndimwe."

"Ine... awe, mwandi, ine..."

"Kapena muli pamozi? Munkala nyumba imozi!"

"Bali pamozi!" wina anakuwa kumbuyo. Ndinaona mnyamata wa tayala uja akutembenukira kwa ine.

Apa mpamene munthu wolimba mtima akananena kuti anthu inu, ndinanama, mkuluyu ndi wosalakwa. Mawuwo anafika pakhosi. Ndikunena zoona, anafika. Koma mantha anawatsekera pompo. Ndinatsinzina, n'kuponya.

Ndinamva kuti phwa! m'kati mwa nyumba. Nditatsegula maso ba Chabwera anali chiimire, osavulala. Mwala unawadutsa pakhutu, kulowa pakhomo, n'kukang'amba chipepala chakuda cha pakati pa sipika. Mkuluyo anatembenuka, anayang'ana sipika yake, ndipo ngati munthu woiwala kuti kunja kuli imfa, anakhudza nsambo kuti amve ngati yafa.

Siinafe. Inalira. Koma inalira mwina, mokhakhala, mosasa, ngati munthu wamkulu akuimba atangomaliza kulira maliro.  Ba Chabwera anakhudzanso. Kenako zala zinayenda zokha, kachiyambi kaja kamene tinakamva zaka khumi ndi chimodzi kanatuluka, ndipo ngakhale ine wosabadwa nthawi imeneyo ndinadziwa kuti kameneka ndi kena.

"Ni iyi!" anakuwa, misozi ili mbwembwembwe. "Ni iyi! Benedict, sipika yako inali yong'ambika! Zaka zonse izi nisakila mu ma-ampu ya bazungu, kansi inali chabe yong'ambika!"

Anthu anangoti kukamwa yasa, miyala ili m'manja. Kenako kumbuyo kunamveka mawu ngati a mwamuna. Ba Mwiche, amene anabwera ndi chikuni, ankakankha anthu ndi zigongono.

"Lizaninso! Iyi nyimbo niiziba! Imwe, kansi ndimwe bang'ono bake ba Benedict wa tsitsi? Zaka zonse izi munali kuliza iyi? Sininaizindikile, inali monga yavala suti!"

"Munali kumuziba, ba mayo?"

"Kumuziba? Sipika yamene mukamba ninaing'amba ndine! Mu holo ku Matero! Ninamutema botolo chifukwa anali kusekelela mukazi wina, anabweza mutu, botolo yangena mu sipika. Banajambula nayo so chabe, yong'ambika!"

Anataya chikuni, anamanga chitenje, n'kuyamba kuvina mavinidwe amene Kanyama inali isanaonepo, mapewa kwina chiuno kwina. Madala awiri amene ankangoonerera patali anayamba kuimba mawu ake. Wina anaseka, wina n'kutsatira, ndipo munthu akayamba kuseka mwala umamulemera m'dzanja. Ndinamva ikugwa pansi umodziumodzi. Mneneri Isaiah, poona kumene mphepo yalowera, anakweza manja n'kulengeza kuti chiwanda chatuluka kudzera pa bowo la sipika, ulemerero kwa Mulungu, n'kunyamuka mwachangu. Tayala linabwerera kumene linachokera. Anatsala ndi Emelda yekha, atakhala pansi akulira mwamuna wake. M'mawa mwake ba Chabwera ndi amene anakankha wilibala yonyamula ba Mukupa kupita ku kiliniki, kumene ananena kuti ndi kuthamanga kwa magazi, ndiponso kuti anayenera kubwera nawo tsiku lomwe anagwa lija.

M'kope muja analemba kuti, "Nambala 412: yafika. Osakhudza." Sipika sanaikonze, ndipo munthu akayandikira bowolo ankamumenya padzanja. Loweruka lililonse masana nkhalamba za ku Kanyama, zina zochokera ku komboni ya George ndi ku Matero komwe, zinkadzavina pabwalo pathu mpaka mawondo kuwakumbutsa zaka zawo.

Koma panali chimodzi chimene chinkawasowetsa mtendere. Ankafuna amene anaponya mwala uja. Analengeza kuti adzamupatsa tambala. Amuna atatu anabwera kudzavomera, aliyense payekha. Iwo, pokhala makaniko, ankawaimiritsa pamene akuti anaima, n'kuyeza ndi chingwe mpaka pa sipika, n'kupukusa mutu.

"Boza. Mwala unachokela ku lefuti, pafupi na chiseko cha ba Thandi. Ba Thandi, imwe munali pamene apo, simunaone?"

"Ninali ninavala menso," ndinayankha, kutanthauza kuti ndinali nditatsinzina, ndipo limeneli lokha silinali bodza.

Pa anthu onse amene anaona, palibe anandiulula, pakuti aliyense anali ndi mwala wake woti aiwale. Emelda tikakumana ankayang'ana pansi, inenso chimodzimodzi. Kangapo konse ndinaima pakhomo pa mkuluyo nditakonza mawu, koma kunena kuti ndinaponya ndine kunali kunenanso kuti ndinagenda munthu amene ankandibwereka makala ndikasowa, ndiponso kuti bodza lonse linayambira pakamwa panga. Ndinkangofunsa ngati ali ndi chong'ambika choti ndisoke.

Anasangalala ndi nyimbo yawo miyezi isanu ndi inayi yokha. Mu Juni, kuzizira kutafika, chifuwa chinawagwira, chinatsikira m'mapapo. Magdalene anabwera kuchokera ku Joni n'kuwagoneka m'chipatala. Ndinapita kukawaona nthawi ya masana ndi phala m'kabotolo. Anali atachepa ngati mwana, koma atandiona maso anawala.

"Ba Thandi, uja munthu simunamupeze?"

"Nikali kufunsafunsa, ba tate."

"Mukamupeza mumuuze zikomo. Anabweza mukulu wanga." Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anandigwira dzanja, lamanja lomwelo. "Mumuuze futi asavutike mutima. Ine ninaona monga anali chabe na mantha. Tonse tinali nayo."

Ndinatsegula pakamwa. Namwino ankadutsa ndi thireyi, pabedi lina munthu ankabuula, nthawi inalipo yokwanira.

"Nizamuuza," ndinatero.

Anamwalira patapita masiku awiri. Pamaliro ba Mwiche anakana kuimba nyimbo za kwaya, anaimba ija ya Benedict okhaokha ndi mawu awo okhakhala, abusa n'kungowaleka. Chibokosi, gitala ndi sipika yong'ambika Magdalene anapita nazo. M'chipinda muja tsopano mukukhala banja lachete, lopemphera, losavutitsa munthu.

Kanyama yathu yakhala bata. Palibenso amene amathawa ndege yosaoneka, agalu amagona masana onse, ndipo Loweruka pabwalo pathu pamangouluka mapepala. Ba Mwiche akhala pakona pawo osakalipira aliyense, moti anthu akufunsana ngati akudwala. Ena amati bola tapuma. Ine sindinapume ayi. Zikomo wawo ndinamulandira ndili chiimire pambali pa bedi, koma pepani wanga ba Chabwera anapita kumanda osamumva.